Achimwene Anamva Nyimbo Zonse Kupatula Yawo

Wodwala amalipira mpando ngati munthu wina aliyense, koma mtembo umafuna galimoto yakeyake. Ife a ku chigwa cha Shire amene tikukhala mu Blantyre timazidziwa bwino zimenezi, kungoti sitizinena mokweza. Adokotala akangoti “tayesetsa, mukawasamalire kunyumba,” sitifunsa zambiri. Timamanga katundu n'kumukweza munthu wathu minibasi akadali kupuma, kuti akafere m'manja mwa abale ake. Ndi mmene ndinanyamulira achimwene anga a Zuze, Loweruka lina pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, kuchoka ku Manja kupita kwa Tengani, kufupi ndi ku Nsanje, kumene kuli mayi athu.

Achinyamata a lero dzina limeneli sangalidziwe. Koma chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate, munthu sukanayenda kuchoka ku Limbe kukafika ku Chilomoni osamva mawu a Zuze wa Kuchigwa akutuluka m'bala, m'minibasi kapena pa kawayilesi ka mlonda. Nyimbo yawo yotchuka inali imodzi yokha, yotchedwa “Mayi Musatseke Chitseko.” Inali ya mnyamata wa m'tauni amene akuuza mayi ake kuti ali panjira, wanyamula shuga ndi chitenje. Inali nyimbo yovina, yopanda chisoni chilichonse, ndipo anthu anaivina mpaka nsapato kutha zidendene. Koma woyimbayo ulendo wakumudziwo sanaupange. Poyamba anatanganidwa ndi kutchuka. Kenako kutchuka kutatha, mowa utawagwira, anachita manyazi kupita chimanjamanja. Zaka zinadutsa zoposa khumi mayi osaona nkhope ya mwana wawo woyamba.

Pamapeto pake anadzagwera m'manja mwanga, m'kanyumba kanga ka lendi ku Manja, ine ndikugwira ntchito yolongedza majumbo pa fakitale ina ku Makata. Chiwindi chinali chitatha. Maso achikasu, miyendo yotupa, mimba ngati ya mayi woyembekezera, kwinaku mafupa okhaokha. Tsiku limene anatuluka m'chipatala anandipempha zinthu ziwiri.

“Esinati, undifikitse kwa mayi ndikadali moyo. Ndikufuna ndikawapepese ndi pakamwa pangapa.”

“Mukafika, achimwene.”

“Ndipo panjira usauze munthu kuti ndine ndani. Asandione chonchi.”

Ndinalonjeza zonse ziwiri, ngati kuti moyo wa munthu ndimausunga m'chikwama changa.

Kutola khobwe ndi m'mawa. Ku Manja msewu wa ku Chikwawa tili nawo pafupi, koma minibasi zonse zimadutsa zitadzaza kale, ndipo wodwala wotere sungamuimike pamsewu kudikira mwayi. Choncho bambo oyandikana nawo nyumba, amene amayendetsa kapikapu ka buledi, anatitaya pasiteji ya m'tauni kusanatenthe. Ndinawaveka achimwene chipewa chachikulu chotsikira kumaso ndi jekete lawo la masiku aja, limene tsopano linkangolendewera ngati lapachikidwa pamsomali.

Oyitanira anatithamangira ngati tanyamula chakudya chawo.

“Nsanje yonyamuka iyi, asisi! Kwatsala awiri basi! Madalawa tiwanyamula, musadandaule!”

Ndinasuzumira, ndipo inaonekadi yodzaza. Mtengo unali utakwera chifukwa cha nyengo ya zisangalalo, koma sindinanenerere. Ndinalipira mipando itatu kumbuyo kwenikweni: iwiri ya achimwene kuti atsamire bwino pawindo, umodzi wanga. Anawalowetsera kubuti, chifukwa kudutsa pakati pa mipando sakanatha. Titangokhazikika, anyamata amene ndinawayesa apaulendo aja anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali ongokhaliramo kuti galimoto izioneka yodzaza. Ine amene ndakhala mu Blantyre zaka zonsezi, kundipusitsa ngati wafika dzulo ndi mtolo pamutu! Tinatsala anthu owerengeka, dalaivala akungoliza injini n'kuyendetsa pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kuti tisatsike.

Dzuwa linakwera tili pomwepo. Ogulitsa mazira owiritsa, mafilizesi ndi mankhwala a makoswe anatizungulira mpaka anatopa nafe. Achimwene ankapuma mofulumira, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkawakupiza ndi katoni, ndikuwerengera m'maganizo kutalika kwa njira.

Mpando wotsala pafupi ndi ine unatengedwa ndi mayi wina wathupi, wa geni ya kaunjika ku Nsanje, amene aliyense pasitejipo ankamutchula kuti amake Fatima. Anawayang'ana achimwene kamodzi kokha, n'kundiyang'ana ine.

“Mukupita nawo kumudzi?”

“Eya.”

“Mulungu atsogole,” anatero. Sanafunsenso china, ndipo ndinadziwa kuti amvetsa.

Kutsogolo kwathu kunakhala bambo wina wovala tayi, kalaliki wa pa ofesi ina ku Mandala, wopita ku Nsanje kwa apongozi ake. Tayi, kupita kuchigwa mu Disembala! Dzina lake sindinalimve, moti mpaka lero ndimangowatchula kuti Atayi. Anali munthu woti sangaone chete osamuthira mawu.

Minibasi itadzaza ndinapumira m'mwamba. Koma m'malo mokhotera ku Chikwawa, dalaivala analunjika ku Limbe. Tinakuwa tonse.

“Tikangotenga katundu wa abwana, mabigi. Mphindi ziwiri,” anatero kondakitala osatembenuka n'komwe.

Katundu wa abwanawo anali matumba a simenti ndi malata, pa shopu ina imene mwini wake anali asanabwere ndi makiyi. Tinaima padzuwa pakati pa phokoso la Limbe, mawilibala akudutsana, wolalikira akukuwa ndi chimkuzamawu za moto wa kugehena. Ndinamupempha kondakitala mwaulemu kuti tifulumire chifukwa ndili ndi wodwala. Anandiyankha kuti akanakhala wodwala kwenikweni ndikanachita hayala ambulansi. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Titachoka apo tinakaimanso pothira mafuta, kondakitala akutolera ndalama kwa amene anali asanalipire chifukwa m'thanki munalibe kanthu. Mmene tinkatulukira mumsewu wa ku Chikwawa n'kuti ili nthawi ya nkhomaliro. Tinadutsa kufupi ndi kwathu ku Manja, ndipo ndinaona ndi maso angawa mtengo wa mapeyala wa pakhomo pa alandilodi. Theka la tsiku linali litapita, ife tili pamene tinayambira.

Apa ndi pamene dalaivala anatsegula wayilesi. Muulutsi, mwa anyamata olankhula ngati akuthamangitsidwa aja, analengeza kuti popeza chaka chikutha, masana onsewo atikumbutsa nyimbo makumi awiri zimene zinavuta chaka cha chisankho chachiwiri, kuyambira yotsiriza mpaka nambala wani. Ndinamva thupi la achimwene likugwedezeka paphewa panga. Chipewa chinatukuka pang'ono. Tonse awiri tinkadziwa nyimbo imene inali nambala wani chaka chimenecho.

Minibasi yonse inatsitsimuka. Anthu amene ankatukwanizana ndi kondakitala anaiwala za simenti. Inayamba ya mkazi amene anathawa mwamuna wake n'kupita kwa mwini chigayo, ndipo mayi wina kutsogolo anati imeneyo inaimbidwa paukwati wake, akulu a mpingo mpaka anakwiya. Inabwera ya rege, yonena kuti ufulu wafika ndipo wosauka adzadya nyama. Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola.

“Nyamayo tikudikirabe!” anatero.

Atayi ankadziwa zonse: woyimba, kumene anajambulira, mkazi amene anamulimbirana ndi woyimba mnzake, ndi kumene ali lero. Ndipo kumene ali lero kunali kumodzimodzi. Uyu anamwalira. Uyu anapenga. Uyu akugulitsa makala ku Bangwe. Uyu anatembenuka mtima, ali ndi tchalitchi chake. Nyimbo iliyonse inkatha ndi anthu akupukusa mitu, n'kuyambanso kuomba m'manja ikayamba ina. Ine chaka chimenecho ndinali mtsikana wa Folomu 2, ndikuyenda mapewa m'mwamba chifukwa sukulu yonse inkanditchula kuti mlongo wake wa Zuze. Tonse tinkakhulupirira kuti zinthu zayamba kuyenda, m'dziko ndi m'banja mwathu momwe. Kumva nyimbo zimenezo ndi mutu wa achimwene paphewa kunandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Pa rodibuloko ya ku Milare apolisi anatsitsa anthu kuti aone katundu. Wapolisi wamkazi anasuzumira kumbuyo, n'kuona maso achikasu aja, ndipo anangoti ife tikhale. Dalaivala anapita kuseri kwa galimoto kukakambirana ndi akuluakulu za malata, ndipo kukambiranako kunatenga nyimbo ziwiri zathunthu.

Kenako tinayamba kutsetsereka mapiri aja. Chigwa chonse chinaonekera pansi, chili mbuu ndi kutentha. Mabuleki ananunkha, simenti ikutikankha kumbuyo, amayi ena akupemphera. Wayilesi inayamba kudukaduka m'makona. Pakati pa phokosolo inamveka nyimbo ya mtsikana wina wa ku Ndirande, yodandaula za nsapato zobwereka. Ndinaona zala za achimwene zikuyenda pa bondo lawo, pang'onopang'ono, ngati zikufufuza nsambo.

“Gitala ameneyo ndine,” ananong'ona. “Anandilipira mbale ya tchipisi.”

Anayesa kuseka, koma kunatuluka chifuwa. Pa Thabwa ndinagula madzi ozizira, anamwa pang'ono, ambiri anatsikira m'jekete. Kutentha kwa kwathu kunatilandira ngati munthu watsegula uvuni. Tikuwoloka mlatho anatsegula maso, n'kuyang'ana madzi ofiirira a mvula ya kumtunda.

“Shire,” anatero. Anali atakhala zaka zonse zija osamuona.

Titadutsa pa Dyeratu nyimbo zinali zitalowa mu khumi zapamwamba, ndipo muulutsi anayamba kufunsa omvera kuti alosere nambala wani. M'minibasi munabuka mtsutso. Wina anati ndi ya kwaya ina imene inkavinidwa ndi m'mabala momwe. Atayi anamudula.

“Inu musataye nthawi. Chaka chimenecho chinali cha Zuze wa Kuchigwa. ‘Mayi Musatseke Chitseko.’ Ine kaseti yake ndinagula kawiri, yoyamba anandibera mlamu wanga.”

“Koma ali kuti mkulu ameneyu?” anafunsa dalaivala.

“Anamwalira kalekale,” anayankha Atayi molimba mtima. “Mowa ndi akazi. Anafera ku Joni, mtembo wake sunabwere n'komwe. Mnzanga wa kuntchito anali pamaliro.”

“Ine ndinamva kuti anapenga, amatola zinyalala ku Limbe,” anatero wina.

“Oyimba ndi choncho. Ndalama zonse zija, mayi ake osawamangira ngakhale chimbudzi.”

Ndalama ziti? Makaseti ankagulitsa ndi ena, iwo n'kumalandira zokwanira kugulira anzawo mowa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse bamboyo dzina la mnzake amene anali pamaliro a munthu wamoyo. Koma zala zija zinanditsina pantchafu, mofooka ngati za khanda. Ndinatseka pakamwa. Pansi pa chipewa misozi inkatsika, kulowa m'ndevu.

“Za chimbudzizo sakunama,” ananong'ona. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, “Ndikufuna ndiimve, Esinati. Sindinaimve kalekale.”

“Muimva. Yatsala pang'ono.”

Pa Nchalo tinataya nthawi ina. Otsika anatsika, ndipo kondakitala anakana kunyamuka mipando yawo isanadzaze. Tinazungulira msika kawiri akukuwa “Bangula, Nsanje!” Ananditembenukira n'kunena kuti madalawo afinyike pakhale munthu wina. Amake Fatima anamufunsa ngati mipando imene ndinalipira anandibwezera ndalama yake, ndipo anangoyang'ana kumbali. Tinadutsa minda ya nzimbe nyimbo ya nambala folo ikulira. Itatha, muulutsi anati zitatu zomaliza tizimva akabwerako ku nkhani ndi mauthenga a maliro.

Tisanafike pa Ngabu, pansi pa mpando wa dalaivala panamveka phokoso ngati chikwapu, kenako nthunzi inadzaza m'galimoto. Lamba wa injini anali ataduka. Tinaima pamalo opanda nyumba, pali mtengo umodzi wa msangu chapatali. Dalaivala anazimitsa wayilesi kuti asathe batire. Kondakitala anaimitsa kabaza n'kupita ku Ngabu kukasaka lamba wina. Anthu onse anatsika kukabisala pamthunzi, akutukwana simenti, dalaivala, mwini galimoto ndi boma. Ife tinatsala awiri. Kuwatsitsa achimwene kukanawapweteka kuposa kutenthako, choncho ndinangotsegula buti kuti mphepo ilowe. Mphepoyo inali yamoto.

Kupuma kwawo kunali kutasintha. Kunkabwera, n'kusowa, n'kubweranso. Ndinali nditaonapo zimenezi pa bambo athu, ndipo ndinachita mantha. Ndinatulutsa foni. Mayi alibe foni, timaimbira kwa mphunzitsi wina woyandikana nawo. Ndinaganiza kuti ngati sizitheka pamaso, apepese pakhutu. Inaitana nthawi yaitali, ndipo anayankha mwamuna wachilendo, kumbuyo kwake kukulira jenereta. Foniyo inali kotchajitsa kumsika, mwini wake adzaitenga madzulo. Ndinamuchonderera kuti atume munthu. Anati ali yekha pashopu. Mayunitsi anathera pomwepo.

“Yafika nambala chani?” anafunsa achimwene.

“Kukadali nkhani. Akangokonza galimoto timva.”

“Tili pati?”

“Pafupi ndi Ngabu. Tatsala pang'ono, achimwene. Limbani mtima.”

“Ukawauze mayi,” anatero, n'kusiya kuti apume. Ndinasendeza khutu pakamwa pawo, kudikira mawu otsatira. Ndinadikira. Ntchentche inatera pamlomo wawo ndipo sanaiingitse. Pansi pa mtengo paja anthu ankaseka nthabwala ina ya Atayi.

Kwathu munthu akatsirizika, mkazi amene ali pafupi ndi amene amayamba kulira, ndipo kulira kwake ndiko kumauza mudzi. Sizochita kuganiza, zimangotuluka zokha. Ndinamva kulirako kukukwera kuchokera m'mimba, pakamwa panga patatseguka kale, pamene dzanja lonunkha sopo wa kaunjika linanditseka mwamphamvu. Anali amake Fatima. Anabwera kudzatenga botolo lawo la madzi.

“Meza,” anandiuza m'khutu. “Meza, mwana wa mayi. Ukalira pano, akutsitsa pano.”

Ndinalimbana nawo, koma anali amphamvu.

“Tamvera. Ine mwamuna wanga anathera pa Dyeratu, m'minibasi ngati yomweyi. Ndinalira. Anthu anathawamo ngati muli njoka, dalaivala anati galimoto yake si yonyamula maliro, ndipo anatisiya pambali pa msewu. Ndinakhala ndi mtembo padzuwa, kenako kupolisi, kenako kumotchale, masiku akupita, abale akusonkha ya galimoto. Iwe uli nayo ya galimoto?”

Ndinapukusa mutu.

“Ndiye awa agona. Wamva? Agona. Ukalirira pakhomo pa mayi ako.”

Anachita zonse mofulumira, ndi manja ozolowera. Anawatseka maso, anawapukuta kukamwa, anawakhazika bwino n'kutsamiritsa mutu wawo paphewa panga. Anamasula chitenje chawo cha m'chiuno n'kuwafunditsa kuyambira m'khosi, anakulunga nsonga yake pansi pa chibwano kuti pakamwa pasatseguke, n'kutsitsa chipewa. Kenako anakhala pamalo pawo, thupi lawo lonse litatitchinga, n'kuyamba kusenda mtedza ngati palibe chachitika.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Kondakitala anabwera ndi lamba wakale amene anamupeza kwa makanika wina, anamangirira, anathira madzi a pachithaphwi mu redieta, amuna anakankha, injini inalira. Anthu analowa akununkha thukuta.

“Odwalawo ali bwanji?” anafunsa Atayi.

“Agona,” anayankha amake Fatima. “Musawasokose.”

Dalaivala anatsegula wayilesi. Ndinkapemphera kuti pulogalamu ija ikhale itatha, koma muulutsi anali ataitalikitsa ndi mafoni a omvera ndi malonda a sopo. Nambala thuu inali kumapeto. Kenako analiza ng'oma zake zija, n'kukuwa kuti nayi nyimbo imene inagwedeza dziko lonse chaka chimenecho, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Gitala analira. Ndinkamudziwa gitala ameneyo asanalowe mu situdiyo, achimwene akumuyeserera pakhonde pa nyumba yawo ya m'tauni, kumene ndinkakhala nawo ndili pasukulu, mpaka oyandikana nawo kudandaula. Kenako mawu awo, a mnyamata wathanzi, wokhuta, woseka:

Mayi musatseke chitseko,
mwana wanu ali panjira,
shuga ndanyamula, chitenje ndanyamula,
musagone, mayi, ndikubwera.

Minibasi yonse inalandira. Dalaivala anakweza mpaka masipika kunjenjemera, akuimba hutala motsatira ng'oma. Kondakitala ankamenya denga. Mayi wa ukwati uja ankavina ndi mapewa, mwana ali pamiyendo. Atayi anamasula tayi yawo koyamba tsiku limenelo n'kumaizunguza m'mwamba. Ankadziwa mawu onse, ngakhale pamene achimwene amafuula m'Chisena pakati pa nyimbo. Anatembenuka, nkhope ili ngwee.

“Asisi, adzutseni odwalawo amveko! Nyimbo iyi imachiritsa!”

“Asiyeni,” anatero amake Fatima. Pansi pa chitenje anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka mafupa kuwawa. Kenako, kuti anthu asadabwe ndi nkhope yanga, anayamba kuimba nawo. Ine ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi. Mutu wa achimwene unkagunda paphewa panga ndi mabampu a msewu, ngati akuvomereza nyimbo.

Itatha, muulutsi anati: “Zuze wa Kuchigwa ameneyo! Sitikudziwa kumene ali masiku ano. Akulu, ngati mukumva, tiimbireni foni, dziko likukusowani!”

“Aziimba ali kumanda?” anatero Atayi, ndipo anthu anaseka.

Za Sorgin sindikumbuka kanthu. Pa Bangula tinaimanso, ena anatsika, ena anakwera, ndipo mnyamata wina wogulitsa nsomba zouma analowetsa dzanja pawindo la achimwene, kuwagwedeza phewa kuti agule. Amake Fatima anamukalipira mpaka anathawa. Wapolisi wa pa rodibuloko ya pamenepo anayang'ana m'kati mwaulesi n'kutikwezera dzanja kuti tidutse. Thupi paphewa panga linkalemera, ndipo kutentha kwake kunkachoka pang'onopang'ono pamene wina aliyense ankadandaula za kutentha. Ndinkangoganiza za mawu aja, “ukawauze mayi.” Ndikawauze chiyani? Ndinkadziwa zimene ankafuna kunena, koma anati akanena ndi pakamwa pawo, ndipo pakamwapo panali patamangidwa ndi chitenje cha munthu wachilendo. Ndinadana ndi simenti ija, ndi mwini shopu wa ku Limbe, ndi anyamata ongokhalira m'galimoto aja. Popanda iwo bwenzi titafika masana.

Tinafika kwa Tengani dzuwa litapendeka. Nyumba ya mayi ili chapatali pang'ono ndi msewu, kuseri kwa mitengo ya masawu.

“Adalaivala,” anatero amake Fatima, “odwalawa sangayende. Khotani mukawatule pakhomo.”

“Iyi si takisi, mami,” anayankha kondakitala.

“Mwatizungulitsa Limbe yonse chifukwa cha simenti. Munthu ndi simenti chachikulu n'chiyani?”

Anthu anavomereza, ndipo dalaivala anakhota akung'ung'udza. Tinadutsa pakati pa mbuzi ndi ana, n'kukaima pabwalo.

Chitseko chinali chotsegula, atachitchinjiriza ndi mtondo kuti mphepo isachitseke. Mayi anali pakhonde atavala chilundu chawo cha kutchalitchi, kawayilesi kali pamphasa. Maso awo anachita ng'ala kalekale, amangoona zithunzithunzi. Atamva injini anaimirira, akupapasa khoma.

Kondakitala anatsegula buti n'kulowetsa manja m'khwapa mwa achimwene kuti awanyamule. Anaima. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amake Fatima. Ndinaona mantha ndi mkwiyo zikudutsa pankhope pake. Anavula kapu yake n'kuiika m'thumba, ndipo anaitana Atayi kuti adzagwire miyendo. Anawagoneka pamphasa, pafupi ndi kawayilesi kaja.

“Esinati, ndiwe?” anatero mayi. “Wabwera naye Zuze wanga?”

Atayi anawongoka pang'onopang'ono, tayi ili m'manja. Anayang'ana nkhope imene tsopano inali poyera, chipewa chitagwa, n'kuyang'ana ine.

“Ndabwera nawo, mayi.”

“Takhuta, adalaivala, takhuta,” anatero mayi pothokoza m'Chisena, akuwomba m'manja kumbali kumene kunali galimoto. Anagwada pamphasa, nkhope yonse ikumwetulira. “Zuze, ndakumva lero pawayilesi. Mudzi wonse wamva. Ndinati uyu akubweradi, n'chifukwa chake chitseko sindinatseke. Dzuka, usachite manyazi. Shuga ndilibe naye ntchito ine.”

Manja awo anapapasa chitenje, anapeza ndevu, anakwera mpaka pachipumi. Anakhala pamenepo. Kenako anatembenuzira maso awo oyera aja kumene ndinaima.

“Esinati, mwanayu wazizira bwanji chonchi, ndi kutentha konseku?”

Amake Fatima anandisiya dzanja.

“Lira tsopano,” anatero.